Foni ikuthamanga koma desktop ikukoka pa Wi-Fi yomweyo? Yambirani apa

Pafupifupi aliyense wondibweretsera nkhaniyi amayamba ndi mawu omwewo: "Achimwene, netiweki ya kwathu kuno ndi yachabe." Ndikafunsa ngati foni nayonso ikuvuta pa Wi-Fi imeneyo, ambiri amati ayi, foni ili bwino, koma pa kompyuta ndiye kamangozungulira. Ndafotokozera anthu a ku Matawale, a ku Chinamwali, ana a sukulu a m'mahositelo a ku Chikanda, mpaka pakamwa kuuma. Ndiye ndalemba kamodzi kuti wofunsa ndizingomulozera pano. Ndikunena za desktop ya Windows 10 kapena 11 yolandira intaneti popanda waya, kuchokera ku rauta ya simukhadi kapena ka MiFi.

Gwirani ichi kaye musanakhudze chilichonse. Intaneti imafika pa kompyuta yanu m'magawo awiri: kuchokera pa nsanja ya TNM kapena Airtel kufika pa rauta, kenako kuchokera pa rauta kufika pa kompyuta. Zili ngati madzi a ku damu la Mulunguzi. Pali paipi ya a Water Board yofika pa mita, ndiye pali paipi yanuyanu yochoka pa mita kupita kukhitchini. Madzi akamatuluka modontha, mumafufuza kaye kuti yatsekeka ndi iti musanapite kukakalipa ku ofesi. Pa desktop, nthawi zambiri yovuta imakhala ya m'nyumba, koma anthu amathamangira kugula simukhadi ina.

1. Yezani foni ndi kompyuta pamalo amodzi

Zimitsani data ya pa foni kuti isamabere pa simukhadi yake, ilumikizeni ku Wi-Fi yomweyo, ndipo muyime nayo pomwe pali kompyuta, osati pafupi ndi rauta. Tsegulani fast.com kapena speedtest.net, lembani nambala yomwe yatuluka. Foni ikamaliza, yezani kompyuta. Osayeza zonse nthawi imodzi, zilimbirana. Kuyezaku kumadya bandulo, ndiye kawiri kapena katatu kakwana.

Foni ikapeza 18 pamene kompyuta yapeza 2, netiweki ilibe mlandu, vuto lili pa kompyuta kapena pa kachipangizo kake kolandirira Wi-Fi. Zonse zikatsika mofanana, sunthani foni ija pafupi ndi rauta muyezenso. Ikakwera, ndiye kuti chipinda chomwe muli kompyuta Wi-Fi sikufikamo bwino. Ikapanda kukwera, tikukaikira kunja.

Apa pali posokonezekera. Nambala ya pa speed test imakhala mu Mbps, pamene yomwe mumaona mukamatsitsa failo imakhala mu MB/s. Kuti mupeze yachiwiriyi mumagawa yoyambayo ndi 8. Intaneti ya 8 Mbps imatsitsa 1 MB pa sekondi, ndipo failo ya 1 GB imatenga mphindi pafupifupi 17. Palibe amene wakuberani. Komanso kanema wa YouTube wa 1080p amafuna pafupifupi 5 Mbps basi, choncho ngati mwapeza 10 koma kanema akumangoima, vuto si kuchepa kwa liwiro, ndi kudukaduka. Tifikako pa nambala 3.

2. Zing'onozing'ono zomwe sizifuna katswiri

Onani bandulo. Yatha? Ndi ya WhatsApp ndi Facebook zokha? Ndi ya usiku? Mabandulo ena otchedwa opanda malire amatsitsidwa liwiro mukadutsa mlingo wina wake, ndiye werengani malamulo a yomwe munagula. Zimitsani rauta, dikirani theka la mphindi, yatsani. Kompyuta nayo muiyambitsenso ndi Restart, osati Shut down, chifukwa pa Windows 10 ndi 11 Shut down nthawi zambiri imasunga zina n'kudzazidzutsa momwe zinalili.

Kenako werengani amene ali pa Wi-Fi yanu. Mudzawaona pa tsamba la rauta lomwe ndikusonyezeni m'munsimu. Mafoni a Android a masiku ano amatulutsa pasiwedi ngati QR code, ndiye mukapatsa mwana mmodzi wa pa lendi, pofika Loweruka mpanda wonse uli pomwepo. Sinthani pasiwedi, muzimitsenso WPS, njira yolumikizira ku rauta osalemba pasiwedi. Musaiwale a m'nyumba mwanu momwe. Foni imodzi ikamakweza zithunzi ku Google Photos kapena kusunga mauthenga a WhatsApp, imadzaza njira yotumizira, ndipo aliyense amaona ngati intaneti yafa.

3. Patulani magawo awiri aja

Apa ndi pomwe malangizo ambiri amadumpha, chifukwa pamaoneka poopsa: chinsalu chakuda, zilembo zoyera. Palibe chomwe mungaononge, tikungofunsa mafunso.

Dinani Start, lembani cmd, menyani Enter. M'kabokosi kakudako lembani:

ipconfig

Fufuzani mzere wa Default Gateway pansi pa gawo la Wi-Fi. Nambala ili pamenepo ndi adiresi ya rauta yanu. Marauta ndi ma MiFi ambiri a Huawei amakhala 192.168.8.1, ena amakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Ilembeni pa pepala, muifuna kangapo. Tsopano lembani izi, ndi nambala yanu:

ping 192.168.8.1 -n 50

Kompyuta igogoda pa rauta ka 50, ndipo nthawi iliyonse inena kuti yankho latenga mamilisekondi angati. Kugogodaku sikutuluka m'nyumba, sikudutsa pa nsanja, sikudya bandulo. Kukuyeza Wi-Fi yanu yokha. Ikamaliza, pansi palembedwa Lost ndi Average. Wi-Fi yabwino imataya 0, ndipo Average imakhala yochepera 10 ms, kawirikawiri pakati pa 1 ndi 5. Musangoona Average yokha, yang'anani mizere yonse. Mukaona 3, 2, 4, kenako 600, kenako Request timed out, kenako 3, ndiye kudukaduka kuja. Kumeneku ndi komwe kumadula mawu pa Zoom pamene speed test ikuoneka yabwinobwino.

Funso lachiwiri lipite kunja:

ping 8.8.8.8 -n 50

Iyi ndi kompyuta ya Google. Nambala zake zikhala zokwera kuposa za rauta, ndipo musadabwe nazo. Malawi alibe nyanja yamchere, intaneti yathu imayenda pa mawaya a fibre kudutsa m'mayiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique isanalowe m'mawaya a pansi pa nyanja. Makumi angapo a mamilisekondi, ngakhale kupitirira 100 pa 4G, sizachilendo. Chofunika ndi chakuti nambalazo zikhale zoyandikana ndipo pasatayike zambiri.

Kuwerenga kwake ndi uku. Ngati ya rauta ili bwino koma ya kunja ikudumphadumpha, vuto lili pakati pa rauta ndi nsanja, pitani pa nambala 6. Ngati zonse zili bwino koma masamba akutsegukabe mochedwa, wodwala ndi kompyuta yeniyeniyo, pitani pa nambala 5. Ngati ya rauta yaipa, pitani pa nambala 4, ndipo ya kunjayo musaiwerengere n'komwe. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsidwa. Amaona ping ya Google ili yoipa n'kunena kuti mwaona, netiweki. Koma chilichonse chopita ku Google chimayamba chadutsa pa Wi-Fi yanu. Gawo la m'nyumba likakhala lovuta, la kunja lioneka lovuta ngakhale nsanja ili bwino. Konzani la m'nyumba kaye, muyezenso, ndi pamene mudziwe zoona za kunja.

Lamulo lotsatira limakuuzani chifukwa chomwe Wi-Fi ya m'nyumba ikuvutira:

netsh wlan show interfaces

Pa Windows 11 yatsopano likhoza kukana mpaka mutayatsa Location mu Settings. Yatsani, mudzazimitsa mukamaliza. Onani mizere inayi. Signal ikhale 80% kapena kuposa, ikatsika pansi pa 60% mavuto ayamba. Channel ikakhala pakati pa 1 ndi 13 muli pa 2.4 GHz, ikakhala 36 kupita m'mwamba muli pa 5 GHz. Radio type ikanena 802.11n, ac kapena ax zili bwino, ikanena 802.11g kapena b pali china chakale kwambiri. Ndipo Receive rate ndi liwiro lomwe kompyuta ndi rauta zagwirizana kulankhulirana. Limenelo si liwiro la intaneti, ndi denga lake, ndipo zenizeni zomwe mumalandira zimakhala pafupifupi theka la nambalayo. Tima dongle ting'onoting'ono, tizipangizo ta USB tolandirira Wi-Fi, tolembedwa 150 Mbps pa paketi nthawi zambiri timaonetsa 72, ndipo 72 ndi yokwana pa intaneti ya simukhadi. Koma mukaona 13, 6.5 kapena 1, mwampeza wakuba. Ngakhale mutagula bandulo ya ndalama zingati, siidutsa pa kabowo kameneko.

4. Vuto likakhala m'nyumba

Gwadani muone kuseri kwa CPU, bokosi lija timaliika pansi pa tebulo. Ma desktop ambiri omwe timagula ogwiritsidwapo kale ntchito m'maofesi a kunja amabwera opanda Wi-Fi, ndiye wogulitsa amangobayapo ka dongle kofanana ndi chikhadabo. Eriyo yake ili m'kati mwa kapulasitiki komweko. Ndiye tikukabaya kuseri kwa bokosi lachitsulo, pafupi ndi simenti, moyang'ana khoma la njerwa zootcha, m'kati mwa mawaya. Chitsulo chimatchinga Wi-Fi. Foni yanu ili m'manja, pamtunda, palibe choitchinga. Kusiyana konse kuja nthawi zambiri kumachokera apa.

Mankhwala ake ndi otchipa: kebulo ya USB yotalikitsira, ya mita imodzi kapena awiri. Bayani kebuloyo ku CPU, dongle ikhale kumapeto kwake, pamwamba pa tebulo kapena yomatidwa ndi tepi pakhoma, mbali yomwe kuli rauta. Bwerezani lamulo la netsh lija muone Signal ndi Receive rate. Musanagule kebulo, yesani kaye bowo la USB la kutsogolo, muona ngati pali kusintha.

Onaninso mtundu wa bowo. La buluu m'kati nthawi zambiri ndi USB 3.0, ndipo kampani ya Intel inalemba mu 2012 kuti USB 3.0 imatulutsa phokoso losokoneza 2.4 GHz. Ngati dongle ili pa 2.4 GHz, ibayeni pa bowo lakuda, kutali ndi flash kapena hard drive yakunja yobayidwa pa la buluu. Bowo lakudalo, USB 2.0, limafika 480 Mbps, simulidzaza.

Makompyuta ena ali ndi khadi ya Wi-Fi m'kati, ndipo kuseri kuli timabowo tiwiri tagolide ta mazinga. Pamenepo pamayenera kumangidwa maeriyo. Ambiri amafika maeriyo atasowa m'njira, ndipo kompyuta imagwirabe Wi-Fi mofooka, mwini wake osadziwa kuti pakusowa kanthu. Gulani maeriyo awiri, tengani chithunzi cha timabowoto popita kusitolo chifukwa pali mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina wa kasingano pakati, wina wa kabowo.

Rauta nayo ichotseni kuseri kwa TV, m'kabati, pansi, ndi pambali pa fuliji kapena microwave. Khoma lililonse la njerwa lomwe lili pakati limadyako mphamvu.

Rauta ikakhala yotulutsa mayina awiri, lina lothera ndi 5G, dziwani kuti imeneyo ndi Wi-Fi ya 5 GHz, si 5G ya mafoni ayi. Imathamanga ndipo simakhala anthu ambiri, koma imafooka msanga ikakumana ndi makoma. Chipinda chimodzi kapena khoma limodzi, sankhani 5 GHz. Makoma awiri atatu, bwererani ku 2.4 GHz. Ngati foni ikuona dzina la 5 GHz koma kompyuta ayi, dongle yanu ndi ya 2.4 GHz yokha.

Kwa inu okhala mothithikana, monga ku Chikanda kapena ku Mpondabwino, komwe mukatsegula Wi-Fi mumaona mayina ambirimbiri, lembani adiresi ya rauta ija mu Chrome, lowani ndi pasiwedi yolembedwa pansi pa rauta kapena pansi pa batire la MiFi. Pa zokhudza Wi-Fi, sinthani tchanelo ya 2.4 GHz kuchoka pa Auto, muyese 1, 6 ndi 11, zitatu zokhazi ndi zomwe sizilowererana. Yesani imodzi, pangani ping ya rauta, lembani, yesani ina. Muli komweko, onetsetsani kuti chitetezo chili pa WPA2 ndi AES. Zakale zija, WEP ndi TKIP, zimamanga liwiro pa 54 Mbps. Sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, apo ayi simudziwa chomwe chathandiza. Ndipo kabatani ka Reset musakabaye mwachisawawa, kamafufuta zonse.

5. Vuto likakhala kompyuta yeniyeniyo

Menyani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, dinani pamutu pa Network muone pulogalamu yomwe ikudya kwambiri. Kawirikawiri ndi Windows Update, OneDrive, kapena torrent yomwe mwana anaisiya ikuyenda. Lowani mu Settings, Network and Internet, Wi-Fi, tsegulani dzina la Wi-Fi yanu, yatsani Metered connection. Mukatero mwauza Windows kuti intaneti iyi ndi yogula ndi bandulo, isamangotsitsa zinthu mwakufuna kwake. Pansi pa Windows Update, mu Advanced options, muli Delivery Optimization, zimitsani kugawana ndi makompyuta ena. Komabe muzipatula tsiku lolola ma update kulowa, mwina usiku bandulo ikatchipa.

Muli mu Task Manager momwemo, onani Disk ndi Memory. Disk ikangokhala pa 100%, kapena Memory itadzaza pa kompyuta ya 4 GB yomwe mwatsegulapo masamba 20, intaneti mukuinamizira. Kompyuta yatopa yokha, ndipo chomwe ikufuna ndi SSD kapena RAM yowonjezera.

Kenako dinani Start ndi batani la kumanja la mouse, sankhani Device Manager, tsegulani Network adapters, dinani kawiri dzina lomwe lili ndi Wireless kapena 802.11. Ngati pali tsamba la Power Management, chotsani chizindikiro pa mzere wolola kompyuta kuzimitsa chipangizochi posunga magetsi. Desktop ilibe batire loti isunge. Dzina lomwe mwaona pamenepo, kaya Realtek, MediaTek, Ralink kapena Intel, ndi lomwe mufufuzire driver watsopano, kapulogalamu koyendetsa chipangizocho, pa webusayiti ya kampani yomwe inapanga chipangizocho. Mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse kapena kuthamangitsa intaneti asiyeni, ambiri amabweretsa zotsatsa malonda n'kuwonjezera katundu. Ngati munaikapo VPN yaulere, izimitseni muyezenso.

6. Vuto likakhala kunja

Zomba ndi wa zitunda ndi zigwa, phiri lili pamsana pathu, mitengo ndi yambiri, madenga ndi a malata. Nyumba ziwiri zoyandikana zikhoza kulandira mosiyana, ngakhale mawindo awiri a nyumba imodzi. Timizere ta netiweki ta pa rauta musatikhulupirire kwambiri. Pa tsamba la rauta, marauta ambiri amaonetsa RSRP ndi SINR pa gawo la Device information kapena Status. RSRP ndi mphamvu yochokera ku nsanja, imalembedwa ndi chizindikiro chochotsera, ndiye -80 ndi yabwino kuposa -100, ndipo ikafika -110 zavuta. SINR ndi kuyera kwa mphamvuyo: 20 ndi yabwino kwambiri, pansi pa 5 ndi yofooka, pansi pa 0 ndi phokoso lokhalokha. Tsegulani tsambalo pa foni, nyamulani rauta muyende nayo windo ndi windo, paliponse muzidikira mphindi imodzi nambala zikhazikike. Pomwe SINR yakwera, pamenepo ndiye kwawo kwa rauta, pamwamba, osati pafupi kwambiri ndi malata. Rauta ikamatsikira ku 3G yokha, ikani Network mode pa 4G only muone ngati ikhazikika.

Tsopano yezani 5 koloko m'mawa ndi 8 koloko madzulo. Ngati m'mawa ikuuluka, madzulo ikukwawa, pamene RSRP ndi SINR sizinasinthe, nsanja yadzaza ndi anthu. Madera okhala ophunzira a ku UNIMA ambiri amadziwa kusiyana kwa nthawi ya tchuthi ndi nthawi ya sukulu. Palibe chomwe mungasinthe m'nyumba mwanu chothetsa zimenezo. Zotsitsa zazikulu zisungireni usiku, kapena yesani simukhadi ya kampani inayo pa foni, pamalo omwewo, nthawi yomweyo, musanagule rauta ina. Kumbukirani kuti marauta ambiri ogulidwa ku kampani ya mafoni amalandira simukhadi ya kampaniyo yokha. Magetsi akazima nthawi yaitali, nsanja ina ikhoza kuzima, anthu ake onse n'kuunjikana pa yotsatira. Nthawi zina vuto limakhala kutali zedi, monga mu Meyi 2024 pamene mawaya a pansi pa nyanja a EASSy ndi Seacom anaduka, mayiko angapo a kuno kum'mawa, kuphatikizapo Malawi, n'kuvutika masiku angapo.

Mukaganiza zoimbira kampani, musangoti netiweki ikuvuta. Nenani dera, nthawi yomwe imavuta, RSRP, SINR ndi zotsatira za ping. Akakanika kukuthandizani, madandaulo a anthu ogwiritsa ntchito mafoni ndi intaneti amapita ku MACRA. Ena asamukira ku Starlink, intaneti yochokera ku setilaiti, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, koma nayo imangokonza gawo la kunja. Ka dongle ka kuseri kwa CPU kadzakhalabe pa 6.5 pomwe paja.

7. Kokani waya

Mwina mwaona kale kuti pali kukokana. Windo lomwe rauta imagwira bwino nsanja si nthawi zonse lili pafupi ndi tebulo la kompyuta. Musaibweze rauta kuti isangalatse dongle. Desktop siyenda, ndiye sindiona chifukwa choivutikira ndi Wi-Fi ngati waya angafike. Pafupifupi desktop iliyonse ili ndi bowo la LAN kuseri, ndipo marauta a simukhadi okhala pa tebulo ali nalonso. Kebulo ya Cat5e kapena Cat6 imanyamula mpaka mamita 100 osataya liwiro. Yezani mtunda motsata khoma, osati modutsa pakati pa chipinda, wonjezerani mamita awiri, ndipo a m'masitolo a makompyuta akudulirani ndi kumangirira mitu yake. Ikhomeni ndi tizogwirira ta mawaya m'mbali mwa khoma, isapanidwe ndi chitseko. Mukabaya mbali zonse, zimitsani Wi-Fi pa kompyuta, pangani ipconfig ndi ping ya rauta. Muyenera kuona 1 ms kapena kucheperapo kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza.

Ka MiFi nthawi zambiri kalibe bowo la LAN, koma ambiri amapereka intaneti kudzera pa kebulo yake ya USB mukakabaya ku CPU, bola ikhale kebulo yonyamula data, osati yongotchajira. Chenjerani ndi kukasiya pa moto usana ndi usiku, batire likayamba kutupa lichotseni.

Ngati wayayo akutuluka panja kupita ku boys' quarters kapena nyumba ina, adutse m'paipi, ndipo nyengo ya mvula ikafika, mabingu akayamba kugunda ku phiri, muzimuzula mbali zonse ziwiri pamodzi ndi pulagi ya rauta. Mphezi ikagwa pafupi imatha kulowera pa waya ameneyo n'kuotcha bowo la LAN la rauta ndi la kompyuta nthawi imodzi.